Mbusa John Chilembwe ndi Mpingo wa Eni Ake

Amayi anzanga, tikamasonkha tindalama tathu ta Mvano kuno ku Goliati, tizikumbukira Mbusa John Chilembwe a ku Chiradzulu. Atabwerako ku America m'chaka cha 1900, iwo anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Thandizo lina linkachokera kwa Abaptisti akuda a ku America, koma woyendetsa mpingo anali anthu akuda eni dziko, osati Boma la Atsamunda kapena azungu a m'maesiteti. Akhristu anaumba okha njerwa, ndipo tchalitchi chachikulu chinatha mu 1913. Akazi awo, Mayi Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka monga tichitira ifenso.

Ambiri mwa akhristuwo anali Alomwe ogwira thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero, kumene timatchalitchi tawo taudzu tinkatenthedwa. Zitafika posauzana, mu Januwale 1915 anaukira azungu. Mbusayo anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo Boma linaphwasula tchalitchi cha njerwa chija. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926, pamene Boma linalola Dr Daniel Malekebu kuitsegulanso.