William Ramsay, Mkulu wa Mipweya Yaulesi

Anzanga, mukaona Group 8 pa periodic table, kumbukirani bambo uyu. Anabadwira ku Glasgow mu 1852. Anagwirako ntchito pa Anderson's College, pomwe David Livingstone anaphunzira asanafike kunyanja kwathu kuno mu 1859.

Nkhani yake inayamba ndi kanthu kochepa. Lord Rayleigh anapeza kuti nitrogen wa mumpweya umene timapumawu akulemerako pang'ono kuposa wopangidwa mu labu. Enafe tikanangoti sikelo yalakwa basi. Ramsay anachotsa nitrogen yense ndi magnesium wotentha, n'kutsala mpweya wachilendo. Umu ndi mmene argon anapezekera mu 1894. Dzinali limatanthauza waulesi, poti salola kuphatikana ndi zinzake.

Mu 1895 anapeza helium m'mwala wa uranium. Chaka chomwecho anatenthetsa chitsulo chogwa kuchokera kumwamba, namupezamonso. Mu 1898, iye ndi Morris Travers anatulukira neon, krypton ndi xenon. Analandira Nobel mu 1904, namwalira mu 1916.

Lero akatswiri amayeza ma isotope a mipweyayi m'miyala yonga uja wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga pa 22 Januwale 1981, kuti adziwe zaka zimene mwala wayenda mumlengalenga.

Ndiye pa practical manambala akasiyana pang'ono, osathamangira kufufuta. Yambani mwafunsa chifukwa chake.