Montesquieu, woweruza yemwe ankaopa mphamvu za munthu mmodzi

Aphungu akakana bajeti, kapena khoti likathetsa chimene pulezidenti walamula, ena amangoti ndi mwano. Komatu ndi mmene boma la demokalase linapangidwira, ndipo yemwe anafalitsa kwambiri nzeruyi ndi mlimi wa mphesa wa ku France, Montesquieu.

Mkuluyu anabadwa pa 18 Januwale 1689 ku La Brède, kufupi ndi mzinda wa Bordeaux. Anakula mu ulamuliro wa Mfumu Louis XIV, yomwe inakhala pampando zaka 72 popanda woiletsa. Mu 1716 mbale wa bambo ake anamusiyira chuma ndi udindo wa woweruza, pakuti masiku amenewo mpando wa kukhoti unkagulidwa kapena kusiyiridwa ngati munda. Patatha zaka 10 iye anaugulitsa nayamba kuyenda m'maiko ena.

Ku England, komwe anakhala kuyambira 1729 mpaka 1731, anaona mfumu yomwe sinkatha kukhazikitsa msonkho popanda chilolezo cha aphungu. Izi zinamugwira mtima. Atabwerera kwawo anapitiriza kulemba, maso akufooka, mpaka buku lake la De l'esprit des lois linatuluka ku Geneva mu 1748, lopanda dzina la mlembi.

Mfundo yake inali yakuti aliyense wopatsidwa mphamvu amafuna kupyola malire, ngakhale atakhala wabwino mtima. Choncho wopanga malamulo, wowagwiritsa ntchito ndi woweruza milandu asakhale munthu mmodzi kapena gulu limodzi. Ngati wokumanga ndi yemweyo analemba lamulo, ndiyenso akukuweruza, ukadandaula kwa yani?

Mpingo wa Katolika unaletsa bukuli mu 1751. Montesquieu anamwalira ku Paris pa 10 Febuluwale 1755, koma anthu a ku America anatola mfundo yake polemba malamulo oyendetsera dziko lawo mu 1787.

Sikuti zonse ankalondola ayi. Iye ankakhulupirira kuti nyengo yotentha imafooketsa anthu ndi kuwachititsa kugonjera olamulira ankhanza. Apa ndiye anaphonya kwambiri. Kuno ku Malawi, kotentha komweko, anthu anakana ulamuliro wa chipani chimodzi pa riferendamu ya 1993, malamulo a 1994 anagawa boma m'nthambi zitatu, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.