Jairos Jiri (1921–1982)

Ngati mumaphunzitsa ku Connemara, Kwekwe kapena Gweru, dzina la Jairos Jiri si lachilendo kwa inu. Enanu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mwina mukulimva koyamba. Powerenga mbiriyi, muziganizira ana a m'kalasi mwanu.

Jiri anabadwa mu 1921 m'boma la Bikita ndipo sanapite patali ndi sukulu. Mu 1939 anapita ku Bulawayo kukafuna ntchito. Kumeneko anapeza anthu osaona ndi olumala akupemphetsa m'misewu, pomwe kumidzi ena ankabisidwa m'nyumba chifukwa abale awo ankachita nawo manyazi. Nalo boma la atsamunda linkadalira kutsekera: odwala misala ankawatumiza ku Ingutsheni, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 1908 mumzinda womwewo, monga momwe ku Nyasaland ankawasungira pa ndende ya Zomba.

Jiri anasankha kutulutsa anthu poyera. Anayamba ndi kusunga opemphetsa pakhomo pake, ndipo mu 1950 anakhazikitsa bungwe lomwe lero limatchedwa Jairos Jiri Association. Anthu ankaphunzirako kusoka zinthu zachikopa ndi ntchito zina zamanja, n'kumapeza ndalama zawozawo. Iye anazindikira kuti munthu wolumala savutika ndi thupi lokha. Kusalidwa kumamudya mumtima mpaka amadziona wopanda pake. Akatswiri a zamaganizo masiku ano amavomereza kuti kusalidwa ndi kusowa anzako kumabweretsa nkhawa ndi kutaya mtima, pomwe ntchito ndi kukhala pagulu zimathandiza munthu kuchira.

Mu 1959 analandira ulemu wa MBE, ndipo anamwalira mu 1982. Bungwe lake lidakalipo. Ku Gweru lili ndi sukulu ya ana osamva ya Naran, ndipo woimba wosaona Paul Matavire anatchuka ndi Jairos Jiri Band.

Inu chida chanu ndi mawu. Mwana amene amatchedwa chitsiru kapena wamisala tsiku ndi tsiku amasiya kukweza dzanja, kenako amasiya sukulu. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza zinenero 16, kuphatikizapo Chichewa ndi chinenero chamanja, kusonyeza kuti mwana wosamva ali ndi chinenero chokwanira ngati anzake.

Ntchito: Lembani mawu asanu amene ophunzira anu amatchulira munthu wolumala kapena wodwala maganizo. Pa lililonse, pezani lina laulemu loti muziphunzitsa, kenako kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu.