Louis Pasteur: Anapeza Dzanja Lamanja ndi Lamanzere mu Mcere wa Vinyo

Alimi ambiri amene amabayitsa agalu ao katemera wa ciwewe sadziwa kuti munthu amene anayambitsa katemerayu anachuka coyamba cifukwa ca timiyala tonga mcere. Munthuyo ndiye Louis Pasteur, amene anabadwa pa 27 December 1822 m'tauni ya Dole ku France. Atate ace anali ofufuta zikopa.

M'caka ca 1848, ali ndi zaka 25, Pasteur anali kupima mcere wocokera ku zotsalira m'migolo ya vinyo. Akatswiri anali ozunguzika: panali mitundu iwiri ya mcerewu yopangidwa ndi zinthu zofanana, koma wina ukasungunulidwa unali kupotozera kuwala kumanja, pamene unzace sunali kupotoza konse. Poyang'anitsitsa ndi galasi lokuza zinthu, mnyamatayo anaona kuti timiyala ta mcere waciwiriwo tinali tamitundu iwiri, tofanana monga dzanja lamanja ndi lamanzere. Manja athu ndi ofanana ndithu, koma sanjikani limodzi pamwamba pa linzace, zala sizilingana. Iye anapatula timiyalato kamodzikamodzi ndi kambaniro, nchito yofuna kuleza mtima koposa kusankha miyala mu mpunga. Gulu limodzi linapotozera kuwala kumanja, lina kumanzere, ndipo akawasakaniza anali kufafanizana. Katswiri wacikulire Jean-Baptiste Biot anakayika, mpaka Pasteur anabwereza zonse pamaso pace.

Patapita zaka ngati 10, anapeza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tinali kudya mcere wa kumanja ndi kusiya wa kumanzere. Apa panaoneka poyera kuti zamoyo zimasankha dzanja. Matupi athunso amatero, ndipo n'cifukwa cace lero opanga mankhwala amayesa mbali iliyonse payokha, popeza ina ingacize pamene inzace ilibe nchito kapena ivulaza. Akatswiri ena akupanganso tinthu totere ta kaboni, cinthu cimene cili m'makala, totulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumalowa m'mnofu, ndi colinga counikira matenda m'kati mwa thupi.

Pa 6 July 1885 Pasteur anayamba kupereka katemera kwa Joseph Meister, mwana wa zaka 9 wolumidwa ndi galu waciwewe, ndipo mwanayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895.