William Jennings Bryan: Mkulu wa Mpingo Amene Anathera M'bwalo la Milandu

M'dziko la Amereka muli gulu lalikulu la Akhristu lotchedwa Aevanjeliko, anthu amene amalimbikira kutembenuka mtima, kulalikira Uthenga Wabwino ndi kukhulupirira Baibulo monga mawu osalakwa a Mulungu. Kafukufuku wa bungwe la Public Religion Research Institute anapeza kuti m'chaka cha 2006 Aevanjeliko achizungu anali 23 mwa anthu 100 alionse m'dzikomo, koma pofika 2020 anali pafupifupi 14 okha. Ena mwa amene akuchoka amadandaula kuti mipingoyi yadziphatika kwambiri ku ndale. Nkhani ya chikhulupiriro ndi ndale ku Amereka njakale, ndipo munthu amene moyo wake umaionetsa bwino ndi William Jennings Bryan.

Bryan anabadwa pa 19 Marichi 1860 m'tauni ya Salem, m'chigawo cha Illinois. Bambo ake, a Silas Bryan, anali woweruza milandu ndiponso Mkhristu wa mpingo wa Baptist, pamene mayi ake anakulira mu mpingo wa Methodist. Ali ndi zaka 14 mnyamatayu anatembenuka mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso, nalowa mpingo wa Presbyterian. Anatsiriza maphunziro ake pa Illinois College mu 1881, kenaka anakaphunzira za malamulo ku Chicago. Mu 1884 anakwatira Mary Baird, mkazi wanzeru amene nayenso anaphunzira za malamulo kuti azithandiza mwamuna wake. Mu 1887 banjali linasamukira ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska, kumene anthu anamusankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 1890.

Masiku amenewo alimi a kumadzulo ndi kumwera kwa Amereka anali pa mavuto aakulu. Mitengo ya tirigu, chimanga ndi thonje inkatsika chaka ndi chaka, pamene ngongole zawo ku mabanki zinali zomwezo. Ndalama za dzikolo zinkadalira golide, motero zinali zochepa m'manja mwa anthu. Alimi ankafuna kuti boma lizisula ndalama za siliva zochuluka, poganiza kuti ndalama zikachuluka mitengo ya mbewu ikwera ndipo ngongole zipepuka. Bryan anaima nawo. Pa 9 Julayi 1896, pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Chicago, iye anayerekeza kuzunzika kwa anthu osauka ndi kupachikidwa pa mtanda wa golide, ndipo pomaliza anaima chilili atatambasula manja ake. Tsiku lotsatira chipanicho chinamusankha kuti apikisane nawo pa mpando wa Pulezidenti, ali ndi zaka 36 zokha.

Pokopa anthu anayenda pa sitima ya pamtunda mtunda wa mamailosi pafupifupi 18,000, akulankhula m'masiteshoni ndi m'mabwalo. Koma eni mabanki ndi mafakitale anatsanulira chuma chawo kwa William McKinley, amene anapambana. Bryan anayesanso mu 1900 nagonja kwa McKinley yemweyo, ndipo mu 1908 anagonja kwa William Howard Taft. Ngakhale sanalowe m'nyumba ya Pulezidenti, zambiri zimene ankamenyera zinadzasanduka malamulo iye akali moyo. Msonkho wodulidwa molingana ndi zimene munthu amapeza unavomerezedwa mu 1913, chaka chomwenso anthu anapatsidwa mphamvu yodzisankhira okha aphungu a nyumba ya Senate. Akazi analandira ufulu woponya voti mu 1920. Lamulo loletsa mowa, limene iye analikonda kwambiri, linayamba kugwira ntchito mu 1920, koma linathetsedwa mu 1933.

Kwa Bryan ndale zinali gawo la ntchito ya Mulungu. Ankaphunzitsa kuti kuteteza mlimi kwa wokongoza ndalama, ndi wantchito kwa mwini fakitale, ndiko kumvera lamulo la kukonda mnzako. Mu 1913 Pulezidenti Woodrow Wilson anamuika kukhala nduna yoona za maiko akunja. Pa udindowu anapangana ndi maiko 30 kuti mkangano ukabuka aziyamba adikira chaka chathunthu nkhani ikufufuzidwa asanatole zida. Pa maphwando a boma ankapatsa akazembe madzi a mphesa m'malo mwa vinyo, ndipo nyuzipepala zinamuseka nazo. Sitima yapamadzi ya Lusitania itamizidwa ndi Ajeremani mu Meyi 1915, iye anaona kuti makalata aukali a Wilson akukokera dziko ku nkhondo, choncho mu Juni anatula pansi udindo.

Pali mbali ina ya moyo wake imene siyenera kubisidwa. Mavoti ake ambiri ankachokera kwa azungu a kumwera, kumene anthu akuda ankasalidwa ndi kulandidwa ufulu woponya voti, ndipo munthu amene ankadziwika monga mtetezi wa anthu wamba sanawaimirire anthu akudawo. Pa msonkhano wa chipani chake ku New York mu 1924 anakana zoti gulu la chiwembu la Ku Klux Klan lidzudzulidwe molitchula dzina, poopa kugawa chipani.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inamusiya ndi nkhawa yatsopano. Anawerenga buku la katswiri wa sayansi, Vernon Kellogg, lofotokoza kuti akuluakulu ena a nkhondo a ku Germany ankagwiritsa ntchito chiphunzitso cha Charles Darwin ponena kuti mtundu wamphamvu uli ndi ufulu wopondereza wofooka. Darwin anaphunzitsa kuti zamoyo zonse, ndi munthu yemwe, zinasinthika pang'onopang'ono kuchokera ku zamoyo zina zakale. Bryan anaopa kuti ana akaphunzira zimenezi adzataya chikhulupiriro pamodzi ndi chifundo. Ankatinso makolo amene amakhoma msonkho ndiwo ayenera kunena zimene ana awo aziphunzira. Kuyambira 1921 anayendayenda m'zigawo kupempha malamulo oletsa chiphunzitsochi m'masukulu a boma. Mu 1923 anafuna mpando wa mtsogoleri wa msonkhano waukulu wa mpingo wa Presbyterian, koma anagonja ndi mavoti ochepa kwa Charles Wishart, amene pa koleji yake chiphunzitso cha Darwin chinkaphunzitsidwa.

M'mwezi wa Marichi 1925 chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa lamulo lotere. Bungwe la American Civil Liberties Union linalengeza kuti lidzathandiza mphunzitsi aliyense wofuna kuliyesa lamulolo m'khoti. Amalonda a m'tauni yaing'ono ya Dayton, pofuna kuti tauni yawo itchuke, ananyengerera mphunzitsi wa zaka 24, John Scopes, kuti avomere kuimbidwa mlandu. Bryan anadzipereka kuthandiza mbali ya boma. Mbali ya mphunzitsi kunaima Clarence Darrow, loya wotchuka wa ku Chicago amene ankakayika za Mulungu, ngakhale mu 1896 anali kumbali ya Bryan pa ndale.

Mlandu unayamba pa 10 Julayi. Atolankhani oposa 100 anakhamukira ku Dayton, ndipo wailesi ya WGN ya ku Chicago inaulutsa zochitika m'khotimo nthawi yomweyo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo ku Amereka. Woweruza, John Raulston, anakana kuti akatswiri a sayansi aperekere umboni pamaso pa oweruza wamba. Tsono pa 20 Julayi, khoti litasamukira panja pansi pa mitengo kaamba ka kutentha ndi kuchuluka kwa anthu, Darrow anaitana Bryan mwiniwake kuti akhale mboni yodziwa Baibulo. Anzake anamuletsa, koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: iye anavomera.

Kwa maola pafupifupi awiri Darrow anamufunsa za Yona ndi chinsomba, za Yoswa ndi kuima kwa dzuwa, za kumene Kaini anapeza mkazi, ndi za zaka za dziko lapansi. Zinaoneka poyera kuti Bryan sanaphunzire mokwanira za sayansi imene ankaitsutsa. Atapanikizidwa anavomera kuti masiku a chilengedwe otchulidwa m'buku la Genesis akhoza kukhala nyengo zazitali, osati masiku a maola 24, ndipo mawuwa anakhumudwitsa ena mwa omutsatira. M'mawa mwake woweruza anafafaniza umboni wonsewo, Darrow napempha kuti Scopes angopezeka wolakwa kuti nkhani ipite ku khoti lalikulu. Mwa njira imeneyi anatsekereza Bryan kulankhula mawu omaliza amene anawakonzekera kwa masabata ambiri. Oweruza wamba anakambirana mphindi 9 zokha, ndipo Scopes analipitsidwa madola 100.

Lamulungu pa 26 Julayi 1925, patangopita masiku asanu, Bryan anapita ku tchalitchi, anadya chakudya chamasana, nagona tulo timene sanadzukenso. Anaikidwa m'manda a asilikali ku Arlington, ndipo makamu a anthu wamba anaima m'mbali mwa njanji pamene sitima yonyamula maliro ake inkadutsa.

M'khoti mbali ya Bryan ndiyo inapambana, koma mbiri yake inalembedwa ndi omutsutsa. Mtolankhani H. L. Mencken wa nyuzipepala ya Baltimore Sun anamujambula monga mbuli yotsogolera mbuli zinzake. Sewero la Inherit the Wind la mu 1955, ndi kanema wake wa mu 1960, zinakhomerera chithunzi chomwecho m'mitima ya mibadwo yotsatira. Anthu anaiwala za msonkho, za ufulu wa akazi ndi za mapangano a mtendere. Ochepa ndiwo ankadziwa kuti buku la sayansi limene Scopes anaimbidwa nalo mlandu, lolembedwa ndi George Hunter mu 1914, linkaika azungu pamwamba pa mitundu yonse ya anthu, ndipo linkalimbikitsa kuletsa anthu ena kubereka. Chigamulo cha Scopes chinafafanizidwa mu 1927 chifukwa faindi inaikidwa ndi woweruza m'malo mwa oweruza wamba, ndipo lamulo la Tennessee linathetsedwa mu 1967.

Atanyozedwa chotero, Akhristu a maganizo a Bryan anabwerera m'mbuyo namanga masukulu a Baibulo, mawailesi ndi makoleji awoawo, kuphatikizapo Bryan College imene inatsegulidwa ku Dayton mu 1930. Anatulukiranso poyera ndi misonkhano ya Billy Graham kuyambira 1949, ndipo mu 1979 m'busa Jerry Falwell anayambitsa gulu la Moral Majority limene linawakokera ku chipani cha Republican, chipani chimene Bryan analimbana nacho moyo wake wonse. Pa chisankho cha 2016, pafupifupi 8 mwa Aevanjeliko achizungu 10 alionse amene anaponya voti anasankha Donald Trump.

Zifukwa za kuchepa kwa mipingoyi nzambiri, monga kukalamba kwa akhristu, kuchepa kwa ana m'mabanja ndi mbiri zoipa za atsogoleri ena. Mpingo wa Southern Baptist, umene unali ndi anthu 16.3 miliyoni mu 2006, unatsala ndi osakwana 13 miliyoni mu 2023. Koma akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, Michael Hout ndi Claude Fischer, anasonyeza kale mu 2002 kuti ambiri amene anasiya kudzitcha a mpingo uliwonse anatero ponyansidwa ndi kusakanikirana kwa chipembedzo ndi ndale za chipani. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Bryan anakhulupirira kuti lamulo la boma likhoza kuteteza chikhulupiriro cha ana a sukulu. Lamulolo linakhalapo zaka 42, koma chitonzo chimene chinagwera iye ndi Akhristu anzake ku Dayton chapitirira zaka 100.