Toramana, Mfumu ya Ahuni, ndi Ndalama Zake

Ife a ku Mchinji timadziwa kuti dzina lokha silingatiuze mwini ndalama, pakuti kwacha ilipo ya Malawi, iliponso ya Zambia. Vuto lotereli ndi limene limasautsa akatswiri ofufuza mbiri ya Toramana.

Toramana adali mfumu ya Ahuni otchedwa Alchon. Cha m'ma 500 AD, iye adachoka ku Punjab ndi ankhondo ake nalanda madera a ufumu wa Gupta mpaka ku Eran, m'chigawo chapakati cha India, kumene dzina lake lidazokotedwa pa fano lamwala la nguluwe. Posula ndalama zake zasiliva adatengera za mafumu a Gupta omwewo, koma nkhope adaitembenuzira kumanzere. Mwala wolembedwa mu 515 ku Risthal umanena kuti mfumu Prakashadharma idamugonjetsa. Mwana wake Mihirakula ndiye adalowa ufumu.

Ku Kashmir kudapezeka makobiri ambiri amkuwa okhala ndi dzina la Toramana, ena osulidwa iye atamwalira kalekale. Wolemba mbiri Kalhana amatchulanso Toramana wa ku Kashmir amene mkulu wake Hiranya adamtsekera m'ndende chifukwa chosula ndalama m'dzina lake. Mpaka lero akatswiri sagwirizana ngati ameneyu ndi munthu yemweyo kapena wina.