Mayi Emma DeLany ndi Phunziro la Singano

Mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pokonza ndondomeko ya maphunziro a mlungu wonse, kaŵirikaŵiri phunziro la zosokasoka ndi ntchito zamanja amaliika kumapeto kwenikweni, nthaŵi imene dzuŵa la kuchigwa lafika paliwombo, ana atalefuka, iye mwini akulakalaka mthunzi. Ena amalisandutsa nthaŵi yosesa pabwalo kapena yotungira madzi. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, musanazoloŵere khalidwe limeneli, nkoyenera kuti mudziŵe za mayi wina amene adawoloka nyanja ya mchere nadzaphunzitsa phunziro lomweli m'dziko muno. Adakhala kuno zaka zosaposa zinayi, koma kalasi imene adayambitsa siidathe iwo atachoka.

Emma Beard DeLany adabadwa m'chaka cha 1871 m'tauni ya Fernandina, m'mphepete mwa nyanja, m'chigaŵo cha Florida ku America. Adali munthu wakuda ngati ife, ndipo pamene ankabadwa nkuti patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chithetsedwere ukapolo m'dzikomo. Maphunziro awo aakulu adachitira pa Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta. Sukuluyi idayambitsidwa m'chaka cha 1881 ndi amayi aŵiri, Sophia Packard ndi Harriet Giles, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi cha Friendship Baptist, ophunzira ali khumi ndi mmodzi okha, ambiri a iwo amayi akuluakulu amene ubwana wawo udathera muukapolo osadziŵa ndi chilembo chimodzi chomwe. Pa Spelman buku ndi singano zinkayendera limodzi. Mtsikana ankaphunzira kuŵerenga, masamu ndi Baibulo, komanso kusoka, kuphika, kuchapa ndi kusamalira odwala, pakuti eni sukulu ankadziŵa kuti ophunzira awo akubwerera ku mabanja aumphaŵi kumene malaya amodzi ankavalidwa ndi ana atatu motsatizana. Emma adatsiriza maphunziro ake oyamba m'chaka cha 1894, natsirizanso maphunziro a umishonale mu 1896, pambuyo pake naphunziranso unamwino.

Kuno kwathu nkuti zinthu zikusinthanso. John Chilembwe, amene adapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg m'chigaŵo cha Virginia, adabwerera mu 1900 nakhazikitsa mishoni yake pa Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Mpingo umene unkamuthandiza, wa National Baptist Convention, udali wa anthu akuda a ku America, ndipo udamutumizira athandizi aŵiri: Mbusa Landon Cheek mu 1901, ndi Mayi DeLany mu 1902.

Masiku amenewo khomo la dziko lino lidali chigwa cha Shire. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, siidafike ku Blantyre mpaka 1908. Mlendo wochokera kunja ankatsikira pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, nakwera sitima yaing'ono ya nthunzi imene inkakwera ndi Zambezi, kuloŵa mu Shire, kudutsa Port Herald ndi Chiromo, ndipo madzi akakhala okwanira inkafika mpaka kwa Katunga pafupi ndi Chikwawa. Kuchokera apo ulendo wokwera mapiri kunka ku Blantyre udali wapansi kapena wa pa machila. Choncho dziko loyamba la Malaŵi limene Mayi DeLany adaliona ndi maso ndi lomwelo limene ena mwa inu mukaphunzitseko.

Apa tiyambe taima pang'ono, chifukwa liwu lakuti machila lili ndi mbiri yake. Lisanakhale dzina la chonyamulira azungu, lidali dzina la nsalu yolimba ya thonje imene anthu a m'chigwa cha Zambezi ndi Shire ankaomba okha. David Livingstone atakwera ndi Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje la mitundu iŵiri, lamakolo lotchedwa tonje kadja ndi lochokera kunja lotchedwa tonje manga, ndipo m'midzi yambiri adaona anthu akulitokosa, kulipota ndi kuliomba. Amene ankagwira ntchitoyi kwenikweni adali amuna. Kachipangizo kopotera thonjeko nkamene kankatchedwa njinga, kalekale njinga yopalasa isanabwere nkulanda dzinalo. Luso limeneli lidayamba kufooka ndi nkhondo za ukapolo ndi njala ya 1862 ndi 1863, ndipo lidatsirizika ndi nsalu yotsika mtengo ya m'mafakitale a kunja, monga ija yoyera yotchedwa merikano potengera dzina la America kumene idayambira. Pofika nthaŵi ya Mayi DeLany nsalu idali itasanduka chinthu chogula, ndipo kwa zaka zambiri idagwira ntchito ngati ndalama: amtengatenga ndi antchito a m'minda ya azungu ankalipidwa mikwamba ya nsalu.

Tikadziŵa zimenezi ndi pamene tingamvetse kulemera kwa kalasi imene mayiyu adayambitsa pa Mbombwe. Kuwonjezera pa kuphunzitsa ana m'sukulu, adakhazikitsa bungwe la amayi ndiponso kalasi ya zosoka imene inkakumana mlungu uliwonse. Munthu wa lero angaone ngati nkhani yochepa. Koma taganizirani banja la ku Chiradzulu m'zaka zimenezo: bambo akusakasaka ndalama ya msonkho wa nyumba, kapena akugwira thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, moyandikana ndi mishoniyo. Nsalu imene wabwera nayo kunyumba ndi thukuta la milungu ingapo. Mayi wodziŵa kupinda mpendero kuti nsalu isasosoke, kuphatika chigamba pamene pang'ambika, ndi kudula kamalaya ka mwana pa chilundu chakutha, ankatalikitsa moyo wa thukuta limenelo. Ndipo panalinso china. Makolo ambiri sankaona chifukwa chotumizira mwana wamkazi ku sukulu, pakuti ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinkapita kwa anyamata. Singano ndiyo inkaonetsa phindu looneka ndi maso, ndipo mtsikana amene wabwera kudzasoka sankachedwa kugwira sileti.

Tisanamizane kuti Mayi DeLany ndiwo adayamba kuphunzitsa kusoka m'dziko muno. Amayi achizungu a pa mishoni ya Blantyre, imene idakhazikitsidwa mu 1876, adali ataphunzitsa kale atsikana kusoka ndi kuchapa. Chachilendo pa Mbombwe chidali chakuti mphunzitsi adali wakhungu lakuda, wophunzira kwambiri, pa mishoni imene mutu wake adali mwana wa dziko lino. Mtsikana wa Chiyao kapena Chilomwe woyang'ana manja a mphunzitsi wake ankaona manja ofanana ndi ake.

Kuvala, nakonso, siidali nkhani yaing'ono masiku amenewo. Mbusa Chilembwe ankafuna kuti anthu ake azioneka aukhondo ndi ovala bwino, ndipo zithunzi za pa mishoniyo zimasonyeza zimenezi. Azungu ena zoterezi zinkawanyansa. Munthu wakuda wovala chipeŵa ankayenera kuchivula akakumana ndi mzungu panjira, ndipo dandaulo limeneli lidamveka mobwerezabwereza pamaso pa bungwe limene lidafufuza za kuukira kwa 1915. Motero diresi losokedwa bwino ndi manja a mwini wake lidali kunena kanthu ngakhale mwiniyo ali chete. Komabe pali mbali imene ife sitingaiyamikire. Mamishoni ambiri a nthaŵi imeneyo, ndi wa Mbombwe womwe, ankayesa chitukuko ndi mavalidwe a ku Ulaya, ndipo kalasi ya zosoka inkalozera ku diresi lachizungu, osati ku luso limene makolo adali nalo kale. Njinga yopotera thonje idazimirira, pamene thonje la kuchigwa linkatumizidwa kunja m'mabelo nkubwerako lili nsalu yogula.

Pofika m'chaka cha 1906 Mayi DeLany ndi Mbusa Cheek adali atabwerera ku America. Apa ndi pamene pagona phunziro la mphunzitsi. Ntchito zambiri zoyambitsidwa ndi mlendo zimafa tsiku limene mlendoyo wanyamula katundu wake. Kalasi ya pa Mbombwe siidatero, chifukwa idatsala m'manja mwa Mayi Ida Chilembwe, mkazi wa mbusa, amene adapitiriza kuphunzitsa amayi ndi atsikana. M'buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, limene lidasindikizidwa mu 1958, muli chithunzi cha kalasi ya zosoka ya Mayi Chilembwe, chojambulidwa patapita zaka zingapo mlendo uja atachoka. Umboni wa kuphunzitsa kwa Mayi DeLany uli m'chithunzi chimene iwo mulibemo.

Nanga inu mukafika ku Ngabu, ku Makhanga kapena ku Tengani, mukapeza kuti mulibe nsalu, ulusi kapena makina osokera, mudzatani? Choyamba musadikire katundu wochokera kutali. Chigwa cha Shire ndi cholemera ndi zipangizo: mlaza wolukira mikeka, zipeŵa ndi madengu, bango la mphasa la m'madambo, dongo, thonje lotsalira m'munda akatha kukolola, ndi matumba akutha. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 zala zake sizinakhwime kuti agwire singano yaing'ono, ndipo mukamukakamiza adzangodzibaya nkudana nalo phunzirolo. Muyambeni ndi kuluka timizere ta mlaza, kamodzi pamwamba kamodzi pansi, pakuti kuyenda kumeneku nkomwe singano imayenda m'nsalu. Akazoloŵera, mpatseni chidutswa cha thumba ndi singano yaikulu yosokera matumba, yobuntha kunsonga, kuti maso ake aziona bwino pamene ulusi waloŵa ndi pamene watulukira. Chinthu choyamba chimene asoke chikhale choti atha kuchitsiriza m'milungu iŵiri kapena itatu ndi kupita nacho kwawo: mpira wa nsanza, kachidole kofutiramo thonje, kapena kathumba kosungiramo pensulo. Kansalu kongoyeserapo misoko, kamene kamathera m'kabati ya aphunzitsi, sikakondweretsa mwana ndipo sikauza kholo kanthu. Ana okulirapo abwere ndi zovala zawozawo zong'ambika, aphunzirepo chigamba, batani ndi mpendero. Mayi akaona kuti yunifolomu imene idang'ambika Lolemba yabwerako Lachisanu ili yosokedwa, simudzavutikanso kumufotokozera ubwino wa sukulu.

Anyamata musawatulutse kunja. Wina akanena kuti singano ndi ya akazi, mumkumbutse kuti m'chigwa chomwechi agogo ake aamuna ndiwo ankapota thonje ndi kuomba machila, ndi kuti atelala ambiri okhala m'makonde a masitolo ndi abambo. Ndiponso musachite manyazi kuitana mkulu wa m'mudzi wodziŵa kuluka mkeka kapena lichero kuti adzakhale pansi ndi ana. Inu mudzasamutsidwa, monga aphunzitsi onse amasamutsidwira, iyeyo adzatsala.

Tibwerere kwa mayi wathu. Pa Mbombwe adali ndi kamnyamata kamene kankawathandiza ntchito za pakhomo ndi kuwamasulira chilankhulo, dzina lake Malekebu. Iye adatenga dzina lakuti Daniel Sharpe, limene lidali dzina la bambo wawo wa Mayi DeLany. Mphunzitsi wake atachoka, mnyamatayu adathaŵa kwawo nayenda pansi mpaka ku doko la Beira, napeza ntchito m'sitima ya pamadzi, mpaka adakafika ku America kumene mayiyo adamuthandiza kuloŵa sukulu. Mu 1917 adatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville.

Mayi DeLany sadabwererenso ku Nyasaland. Adatha zaka zingapo akuyendayenda m'mipingo ya anthu akuda kusonkhetsa ndalama za ntchito ya ku Africa, ndipo mu 1912 adapita ku Liberia, kumene adakhazikitsa Suehn Industrial Mission, sukulu yophunzitsanso buku pamodzi ndi ntchito zamanja. Ali komweko ndi pamene Mbombwe idagwa: kuukira kudayamba pa 23 January 1915, Mbusa Chilembwe adaphedwa pa 3 February, ndipo asilikali a boma adaphwasula tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chidatsirizidwa mu 1913. Mayi Ida Chilembwe adamwalira ndi mliri wa chimfine wa 1918. Mayi DeLany adabwerera ku America mu 1920 thupi litafooka ndi malungo, ndipo adamwalira kwawo ku Fernandina m'mwezi wa October 1922, ali ndi zaka 51.

Chaka chimodzi iwo asanamwalire, Dotolo Malekebu adayesa kuloŵa m'dziko muno kuti adzatsegulenso mishoni ija, koma boma la atsamunda lidamubweza. Adaloledwa mu 1926, ndipo adafika pa Mbombwe pamodzi ndi mkazi wake, Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene nayenso adaphunzira pa Spelman.